Thobwa limene ankhazi anamwa

Pa maliro a ankhazi anga, a Esinati NyaZimba, amene anaimirira kuyankhula m'malo mwa banja anali mlongo wawo wamng'ono, a Yotamu. Anavula chipewa, napukuta m'maso mouma ndi kansalu, nauza anthu kuti malemuwo anali mayi wofatsa, wokonda mtendere, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, ndipo ndinaluma chitenje kuti ndisatukwane pamanda. Ankhazi sanali ofatsa. Akanakhala ofatsa, mayi anga akanathamangitsidwa m'mudzi uja zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku lomwe tinaika bambo anga, ndipo wowathamangitsa akanakhala yemweyo amene ankapukuta m'maso.

Ankhazi ndi mawu a kwathu ku Mphamba, otchulira mlongo wa bambo ako. M'mimba mwawo anabadwa atatu: ankhazi oyamba, kenako bambo anga, chitsirizira a Yotamu. Mayi anga, a NyaMwale, ndi a ku Chikomeni. Anabwera kudzakwatiwa, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu akhala akulima munda ndi dimba pamudzi wa eni. Mkazi wotere amakhala ndi malo ngati pali wina womuimira. Chimwalirireni bambo, wowaimira mayi anali mmodzi yekha, ndipo aliyense pamanda paja ankadziwa kuti tikukwirira munthu ameneyo. Papita miyezi iwiri tsopano ndipo mkwiyo sunanditsike, n'chifukwa chake ndikulemba.

Anali munthu wamfupi, woyenda mothamanga ngati wasiya china pamoto, ndipo ankavala nsapato zachimuna za mphira chaka chonse. Ukawapatsa moni ankayamba kukuyang'ana kumapazi asanayankhe. Matope akuda ndiye kuti wachokera kudimba, fumbi lofiira ndiye kuti unali kumsewu, ndipo ukanama za kumene wachokera sankakutsutsa, ankangoyang'ananso kumapazi kwako mpaka uchite manyazi wekha. Mawu amene ankadana nawo kwambiri anali akuti "akuti". Munthu akayamba nkhani ndi mawu amenewa, iwo ankamuimitsa n'kufunsa kuti Akutiyo ndi mwana wa yani, nyumba yake ili poti, kuti mawa akamuone amve okha. Miseche yambiri inkafera pakhonde pawo, ndipo azimayi ena ankazungulira njira kuti asadutsepo.

Pamene ankabwerako ku Kitwe, kumene anakhala zaka zambiri, anabwera opanda mwamuna, opanda mwana, koma ndi sutikesi imodzi ndi tivi yaing'ono yokulunga m'bulangete. Poyamba ankaiyendetsa ndi batire ya galimoto imene ankakatchajitsa kuboma. Pambuyo pake anagula sola yaing'ono ndi kamakina ka madisiki, ndipo kwa wogulitsa wina wa mumsika wa Lundazi anapeza chimene ankachifuna: sewero lakale la azungu, la magawo ambirimbiri, limene analiona koyamba ali ku Kitwe. Mitundu yake inali yofwifwa, magalimoto ake aataliatali, mafoni a zingwe. Gawo lililonse munthu ankapezeka atafa m'nyumba yaikulu, kenako ankabwera wofufuza milandu kudzafunsa anthu mmodzimmodzi. Dzina lake lachingerezi ankhazi analibe nalo ntchito, iwo ankamutchula Wamafunso. China chilichonse sankaonera. Ankayatsa dzuwa litapendeka, atabwera kumunda, chifukwa batire yawo inali yotopa ndipo inkagwira ntchito dzuwa likadalipo.

Chingerezi chawo chinali cha m'khitchini, chongokwanira kumva kuti bweretsa tiyi, pukuta apa. Koma ankamupeza wolakwa ine wa sukulu ndisanamuganizire. Ankati ine ndimamvera pakamwa pamene iwo amayang'ana manja, ndipo manja sadziwa chingerezi. Wina akaika kapu pansi mofulumira, kapena akayankha funso limene sanafunsidwe, ankhazi ankamenya ntchafu n'kuloza ndi mlomo.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene ankabwerezera gawo limene analiona kale kakhumi.

"Iwe Misozi, ukamba monga mwana," anandiyankha osachotsa maso pa tivi. "Nyimbo ya ku chalichi uimba kamodzi chabe? Amene wapha nimudziwa kale. Ine nifuna kuona mmene bodza ligwela."

Ankakonda kuti Wamafunsoyo sankamenya munthu, sankakalipa, sankathamanga. Ankakonda kuti amene anthu onse amamuloza poyamba, wantchito, mkazi wamasiye, mlendo, nthawi zambiri sankakhala iye. Koma chimene chinkawagwira mtima kwenikweni n'chakuti pa tivi paja munthu akafa, wina ankafunsa kuti wadya chiyani, anali ndi yani, chitseko anatseka ndani. Palibe amene ankangoti ndi nthawi yake, palibenso amene ankathamangira kwa ng'anga. Ankati umenewo ndiye ulemu weniweni kwa wakufa, osati nkhata za maluwa a pepala.

Ndinadziwa mochedwa kumene zonsezi zinachokera. Ku Kitwe ankagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina wa kumigodi, zaka khumi ndi zinayi, ndipo sewero lija ankalionera ataima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili paphewa. Tsiku lina wotchi ya adona inasowa. Sanafunsidwe funso ngakhale limodzi. Anangopeza sutikesi yawo ili panja pa geti. Patapita milungu, munthu wosamalira maluwa panyumbapo anakumana nawo pamsika n'kuwauza kuti wotchi ija inapezeka kuseri kwa kabati. Palibe amene anawafunafuna kuti awapepese. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, tikusenda mtedza, ndipo anamaliza ndi kunena kuti m'sewero muja ngakhale wophika amafunsidwa kumene anali, ndipo yankho lake limalembedwa m'buku.

Mikangano ndiye inali ndiwo zawo. Mkulu wa mpingo wina anabwera kudzawadzudzula kuti mayi wachikulire saonera anthu akuphana. Iwo anamupatsa mpando, namufunsa mofatsa kuti atamwalira Abele, amene anayamba kufunsa mafunso anali ndani. Mkuluyo anamwa madzi n'kutsanzika. Azimayi anzawo anabwera ndi madisiki a mafilimu aja odzaza ndi mfiti zouluka ndi apongozi osanduka njoka, kuti aonere pa tivi yawo. Ankhazi anawabwezera m'manja, nati ufiti wa m'mudzi muno wokha ukuwakwana, sangawononge batire kuitananso wa kunja.

Nthawi ina mtedza unkatha m'nkhokwe ya mayi wina, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti ndi nkhalamba ina ya kumapeto imene imakoka mbewu ndi mankhwala. Ankhazi anapita kukagwada pansi pa nkhokweyo, naona kuti wokoka mbewu ndi mankhwalayo amavala nsapato za matayala, ndipo mapazi ake amathera pamene amagulitsa kachasu. Anali mwamuna wa mayi yemweyo. Mungaganize kuti anawathokoza. Mayiyo sanawayankhule chaka chathunthu. Anthu a kwathu amakonda mfiti kuposa yankho, chifukwa mfiti imakhala ya kubanja lina.

Bambo anga anamwalira mwezi wa Okutobala, nthawi ya nazale za fodya. Iwo ndi a Yotamu anali ndi nazale imodzi kudimba. M'mawa wa tsikulo mayi anawathirira thobwa m'chigubu chachikasu, chija chimatsala mafuta ophikira akatha, ndipo bambo anapita kukathirira mbande. Masana a Yotamu anabwera akuthamanga kuti mkulu wawo wagwa. Tinawapeza akusanza, thovu kukamwa, thukuta thupi lonse. Tinawakweza pangolo kuti tithamangire kuchipatala, koma ng'ombe zisanafike n'kumsewu komwe anali atatisiya. Ngolo inatembenuka kubwerera kumudzi.

Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utadziwa kale wopha. Wamwa thobwa la mkazi wake, wafa. Mkaziyo ndi wobwera, wa ku Chikomeni. Kufunanso chiyani?

Tsiku loika maliro, m'mawa, amuna atakhala panja pansi pa mitengo, a Yotamu anabwera ndi chigubu chachikasu n'kuchiika pakati. Anati ichi ndicho chinapha mkulu wawo, ndipo mwini thobwalo asapite kumanda, anyamuke lomwelo abwerere kwawo ndi chitenje chimene wavala. Ana atsale, chifukwa ng'ombe zinaperekedwa. Mayi anali m'nyumba pakona, atafunda kumutu, ndipo mwa mwambo namfedwa sayankha. Ine ndinali pambali pawo, ndikumva chilichonse pazenera.

Ankhazi anadzuka pakati pa azimayi, natuluka ndi dengu lawo, nayenda mpaka pakati pa amuna, pamene mkazi safika pa maliro. Ena anang'ung'udza. Iwo sanawayang'ane n'komwe.

"Yotamu, ichi chigubu anachipeza ndani?"

"Ndine."

"Pati?"

"Pansi pa mkuyu, pamene tiika zakumwa."

"Wachitsegula?"

"Yayi. Chili mmene ninachipezela."

"Kambanso, amve onse."

A Yotamu anabwereza mokweza, akuyang'ana uku ndi uku, poganiza kuti mlongo wawo akuwathandiza. Ankhazi ananyamula chigubucho n'kuchionetsa kwa akuluakulu. Chinali chitafufuma ndi kutentha kwa masiku awiri. Mayi anga akathira thobwa amaika kapulasitiki pakamwa, n'kumanga ndi ulusi asanatseke, kuti lisatayike panjinga. Kapulasitikiko kanali pomwepo, mfundo yake yosamasula, ndipo thobwa linali lodzaza mpaka m'khosi.

"Munthu akamwa, chigubu chichepa," anatero ankhazi. "Kapena uyu anamwa na maso?"

Anamasula ulusi. Thobwa linatulutsa mpweya n'kuchita thovu m'manja mwawo. Kenako anakweza chigubu kukamwa n'kuyamba kumwa. Mayi wina anakuwa. Mkulu wina anadzuka kuti awalande, koma anaima panjira, chifukwa nayenso ankaopa kuchikhudza. Ankhazi anamwa mpaka theka, napukuta pakamwa ndi mkono, nakhala pansi pafumbi pakati pa amuna aja, miyendo atatambasula, n'kupempha amene ali ndi wotchi kuti aziwerenga nthawi. Ola linatha anthu akuyang'ana mayi mmodzi wamfupi wa nsapato za mphira kuti agwa liti. Chimene chinachitika n'chakuti anageya kawiri, nadandaula kuti thobwalo lasasa.

Pamenepo ndi pamene anavundukula dengu. Munali chigubu china chachikasu, chofanana ndi choyamba, koma chogwirira chake chinali chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo panalibe amene sankachidziwa, chifukwa chinkayenda tsiku lililonse kumbuyo kwa njinga ya a Yotamu. Pansi pake panatsala madzi oyera ngati mkaka. Dzulo lake ankhazi anali atanunkhiza malaya amene bambo anafera, namva fungo la mankhwala opopera nazale, ndipo m'mawa anthu akutunga madzi iwo anatsikira kudimba, nachipeza chitaponyedwa m'bango. Mankhwala amenewa alimi a kwathu amagawana pang'onopang'ono, ndipo amasungunulira m'chilichonse chimene chili pafupi. Akasakaniza ndi madzi amayera ngati thobwa. Bambo anga ankafwenkha fodya wamphuno chiyambire unyamata wawo, moti mphuno zawo sizinkamva kanthu, ndipo ludzu la Okutobala silidikira kuti ulawe kaye.

Ankhazi sanakalipe. Anangofunsa kuti nazale anayenera kupopera ndani sabata imeneyo, ndipo mankhwala anasungunulidwa liti. Funso lachitatu lisanafike, a Yotamu anali akulira. Anavomera pamaso pa mudzi wonse kuti anasungunula mankhwalawo madzulo oti mawa lake bambo amwalira, nawasiya pamthunzi womwe amaika zakumwa, naiwala kumuuza mkulu wawo. Atamupeza akugubuduka ndi chigubu chawo pambali, anachita mantha, nachiponya m'bango, natola chinacho.

Ankhazi anati ngoziyo ikanagwera aliyense ndipo palibe amene amuimbe nayo mlandu, koma bodzalo silinali ngozi. Analamula kuti a Yotamu akagwade kwa mlamu wawo n'kupepesa ndi mbuzi. Kugwada anagwada. Mbuziyo mpaka lero ikadali m'njira. Mayi anapita kumanda, naika mwamuna wawo, nabwerera m'nyumba yawo.

Patapita nthawi ndinawafunsa ankhazi ngati anali otsimikiza pamene ankamwa. Anaseka, nati mfundo ya mlamu wawo ankaidziwa, koma miyendo anaitambasula pansi chifukwa inkanjenjemera, ndipo akanaimirira anthu akanaona.

Nkhani imeneyi ndimaikamba monyadira, koma pali pena pamene ndimawakwiyira ankhazi omwewo, ndipo sindibisa chifukwa choti anamwalira. Tsiku lija mphunzitsi wina wopuma anati zigubu ziwirizo zipite kupolisi kuboma, zilembedwe, pakhale pepala lonena chimene chinapha bambo. Ankhazi anakana. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, Yotamu ndi wa m'mimba mwawo, anamubereka kumsana mayi awo ali kumunda, ndipo choonadi chanenedwa pamaso pa anthu onse, basi chakwana. Chigubu cha mankhwala anachitentha okha. Munthu amene ankakonda kuti yankho la wophika lilembedwe m'buku, pa nkhani ya mlamu wake sanalembetse kanthu. Anakhulupirira zimene ankaona masana aliwonse: wofufuza amasonkhanitsa anthu, amafotokoza, wolakwa amagwetsa nkhope, nyimbo imalira, zatha. Iwo ankaganiza kuti kumudzi nakonso zimatha.

Chaka choyamba anthu ankati inali ngozi. Chaka chachitatu ankati za imfa ija adziwa ndi Mulungu. Pofika chaka chachisanu ndinamva ndi makutu anga pachigayo kuti munthu wamba sangamwe thobwa la maliro n'kukhala moyo, ndiye kuti awiriwo, ankhazi ndi mayi, ankadziwana. Mphunzitsi uja anamwalira. Akuluakulu amene anaona mfundo ija anatha mmodzimmodzi. Otsala anayamba kuiwala mwadala, chifukwa a Yotamu ndi amene ali ndi ngolo, ndi ng'ombe zolimira, ndi ana aamuna asanu, ndipo munthu sakangana ndi mwini ngolo mvula ili pafupi.

Ankhazi anaziona zikubwera, ndipo anamenya nkhondo mmene ankadziwira. Anasiya kuphika kwawo. Tsiku lililonse ankakadya kwa mayi anga, panja, poonekera, kuti wodutsa aliyense aone kuti chakudya cha NyaMwale sichipha. Pa maliro alionse a m'mudzi, nkhani ikangoyandikira ku zaufiti, iwo ankayambanso kufotokoza za zigubu ziwiri, kuyambira pachiyambi, mpaka anthu anayamba kuwatchula wailesi. A Yotamu atayesa kunena kuti dimba ndi lalikulu kwa mkazi mmodzi, ndipo mwana wawo Mabvuto akufuna malo a nazale, ankhazi anatenga mpando n'kukakhala pakati pa dimbalo masiku atatu, mpaka nkhaniyo inazizira. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala chomwecho.

Chakumapeto maso anachita khungu. Madisiki nawo anali atakalika, moti Wamafunso ankaima pakati pa funso, kukamwa kuli yasa, mpaka wina amenye kamakina. Ankayatsabe, n'kumamvetsera mawu amene sankawamva, akufotokozera aliyense amene ali pafupi zimene zikuchitika, ndipo sankalakwitsa. Ulendo wanga womaliza ndisanamve kuti agonekedwa m'chipatala, ndinachoka kumsika kumene ndimasoka zovala n'kukawaona, ndipo ndinalephera kudzigwira. Ndinawafunsa kuti iwo akadzapita, mayi adzawaimira ndani, popeza pepala analikana.

Anakwiya. Anati ndine wamwano ngati bambo anga, ndipo ndituluke. Sindinatuluke. Kenako anafufuza dzanja langa.

"Mu filimu muja saonetsa za mawa lake," anatero. "Ine sininaganize. Koma iwe unalipo, Misozi. Unaona."

Ndinalipodi, ndipo ndinaona. Zimenezo zinandithandiza chiyani, ndikuuzani.

Patatha mwezi chiikireni ankhazi, banja linakumana kugawa katundu wawo. Tivi ndi sola anatenga a Yotamu, akuti azionera mpira. Madisiki ana anawamanga pa ulusi kumunda kuti aziopseza mbalame. Zitatha izo, a Yotamu anakhosomola n'kunena kuti pali nkhani ina. Anati mlandu suola. Anati mkulu wawo anafa atanyamula chakumwa cha mkazi uyu, banja linakhululuka, koma tsopano taonani.

"Alongo anga adya kwa uyu mukazi zaka naini," anatero. "Manje ali kuti?"

Ankhazi anamwalira ndi matenda a shuga, ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo makadi a kuchipatala ndili nawo. Chakudya chimene ankadya poyera kuti ateteze mayi, ndicho chimene anachisandutsa umboni. Ndinaimirira. Ndinafunsa amene anapeza chigubu tsiku lija. Ndinafunsa amene analira n'kuvomera, amene anagwada, amene analonjeza mbuzi. Ndinatchula mayina a anthu anayi amene anakhala pamenepo, amene analiponso tsiku lija, n'kuwafunsa mmodzimmodzi monga ankhazi akanachitira. Wina anayang'ana zikhadabo zake. Wina anati wakalamba, mutu sugwira. Mayi amene mtedza wake unkabedwa uja anati iye anali kukhitchini. A Yotamu sanavutike n'kundiyankha. Anauza mkulu amene ankatsogolera kuti mwana wamkazi wokwatiwa kwina sayankhula pa nkhani za nthaka, ndipo mkuluyo anandiuza kuti ndikhale pansi. Mafunso anali omwewo, koma ine si ankhazi, ndipo panalibe chigubu choti ndimwe.

Ndinauza mayi kuti tipite kukhoti. Anakana. Anati atopa kugona m'mudzi umene ana amathawa akawapatsa mango, ndipo sakufuna kuti tsiku lina adzatenthedwe m'nyumba chifukwa cha dimba. Mabvuto anali atayamba kale kukonza mabedi a nazale, sanadikire n'komwe kuti tomato wa mayi athe.

Loweruka lapitali ndinabwera ndi kalole kochokera kuboma kudzawatenga, kupita nawo ku Chikomeni, kumene makolo awo anatha kalekale ndipo amene angawalandire ndi mwana wa mchemwali wawo. Katundu wa zaka makumi atatu sanadzaze ngakhale theka la kaloleko. Panalibe amene anabwera kudzathandiza kunyamula. Anthu ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe.

Tonse titakwera, mayi anati tidikire, sanatsanzike. Ndinaganiza kuti akupita kwa a Yotamu, ndipo ndinatsika kuti ndiwaletse. Koma analunjika kunyumba ya ankhazi. Chitseko chinali chitazulidwa kale, akuti Mabvuto akufuna kuika pa shedi yake ya fodya. M'kati munalibe kanthu, kupatula chingwe chopachikapo zovala ndi zitosi za nkhuku, ndipo khoma lakum'mawa linali litayamba kung'aluka. Pakhonde, pamene ankazira Loweruka lililonse, panali patamera bonongwe.

Mayi anagwada pakhomo lopanda chitsekolo, nakonza chitenje, naomba m'manja mwaulemu.

"Odi," anatero.

Anadikira nthawi imene munthu wokalamba amatenga kuti adzuke pamphasa ndi kufika pakhomo. Woyendetsa kalole analiza hutala, koma iwo sanatembenuke.

"Alamu, ndine NyaMwale. Nayenda. Munayesa, yewo. Khalani makola."

Atathokoza ndi kutsanzika choncho, anaombanso m'manja kawiri, nagwira khoma kuti adzuke, chifukwa panalibe wowapatsa dzanja.